Ana anga, musazolowere kutsamiza putter pamimba

Ana anga amene mwayamba kumenya gofu, ena mwa inu mwapeza m'zikwama zakale putter yaitali ija yofika pamchombo, imene amaitcha belly putter, ndipo mukufunsana ngati imaposa putter wamba. Ndikuuzeni mosabisa: ndodo imeneyo inathandiza anthu ndithu. Koma inathandiza makamaka amene manja anali atayamba kuwapandukira, ndipo kamenyedwe kamene kankaipatsa mphamvu kanaletsedwa kale.

Putter wamba imatalika mainchesi 33 mpaka 35. Ya pamimba imapitirira 40, ndipo nsonga ya chogwirira chake munthu ankaikanikiza pamimba. Nsongayo ikakhazikika, ndodo imangolendewera uku ndi uku kuchokera pamalo amodzi, manja osapeza mpata wopindika. Phindu lake limaoneka mpira ukatsala mita imodzi kuti ulowe. Mwawerama, anzanu ali chete, mtima ukugunda. Pamene mutu wa ndodo ukufika pa mpira, dzanja lamanja limachita tsemwe pang'ono chabe, nkhope ya putter n'kupotoka, mpira n'kunyambita mlomo wa dzenje, uwo watuluka. Kunjenjemera kumeneku, kumene a gofu amati yips, kwazunza akatswiri enieni. Bernhard Langer wa ku Germany walimbana nako kuyambira ali mnyamata. Munthu wotere sindingamuseke akafuna pogwira.

Pakati pa 2011 ndi 2013 ndodo zotsamiza zinaoneka ngati zatenga masewera onse. Keegan Bradley anapambana PGA Championship mu 2011 ndi belly putter, woyamba kutenga chikho chachikulu chotero ndi ndodo yotsamiza. Mu 2012 Webb Simpson anatenga US Open, ndipo Ernie Els wa ku South Africa anatenga Open Championship ku Royal Lytham, onse atatsamiza pamimba. Els yemweyo zaka za m'mbuyo ankanena kuti ndodozi ziletsedwe. Mu 2013 Adam Scott anapambana Masters ndi yaitali koposa, yotsamiza pachifuwa. Pa mpikisano womwewo panali Guan Tianlang wa ku China, mwana wa zaka 14, atagwira belly putter. Mwanayo ndiye amandikhudza. Ndodo imene ankaithawira achikulire otopa manja inali itasanduka yophunzirira ana amene manja awo analibe vuto lililonse.

Mabungwe awiri osunga malamulo a gofu, R&A ndi USGA, analengeza mu May 2013 kuti kuyambira pa 1 January 2016 palibenso kutsamiza ndodo pathupi pomenya. Lero ndi lamulo 10.1b. Mvetsani bwino apa, chifukwa ambiri amasokoneza: ndodoyo sinaletsedwe. Mukhoza kukhala nayo m'chikwama, mukhoza kumenyera. Choletsedwa n'kuikanikiza pamimba, pachifuwa kapena pachibwano. Mukatero pa mpikisano wowerenga mikwapulo amakuwonjezerani iwiri, pa wa munthu ndi munthu mwaluza dzenjelo. Lamuloli ndi limodzi ku St Andrews ndi pabwalo lililonse limene inu mudzapikisane.

Onani tsono zimene zinawagwera amene anaidalira. Simpson anapambana mu 2013, kenako anakhala osanyamula chikho cha PGA Tour mpaka Players Championship ya 2018. Bradley anadikira kuyambira 2012 mpaka 2018. Awa ndi amuna okhala ndi aphunzitsi, ndalama ndi tsiku lonse loyeserera, koma kuphunzitsanso manja kunawatengera zaka. Scott yekha sanachedwe: kumayambiriro kwa 2016 anapambana mipikisano iwiri motsatizana ndi putter yaifupi, kusonyeza kuti luso linali mwa iye. Tiger Woods zikho zake zazikulu 15 anazitenga ndi putter wamba, manja ali omasuka.

M'mera mpoyamba, ana anga. Tengani putter yolingana ndi msinkhu wanu, yoti mukawerama maso akhale pamwamba pa mpira ndipo mikono ilendewere yokha. Ngati imene mwapatsidwa ndi ya pamimba, pitani nayo kwa wodziwa kukonza ndodo aone ngati ingadulidwe, podziwa kuti mutu wake umakhala wolemerapo. Gwirani mofewa, mapewa ndiwo ayendetse ndodo. Nthawi yambiri muiwonongere pa zinthu ziwiri zimene ndodo iliyonse singakuchitireni: kuona kumene nthaka yapendekera, ndi kudziwa mphamvu yofikitsa mpira pa dzenje. Mikwapulo yambiri imatayika pamene mpira wa patali watsala mamita awiri kapena wapitirira atatu. Inu amene munayamba ndi kunyamulira ena zikwama muli ndi mwayi umene ambiri alibe, chifukwa mwaona mipira yosawerengeka ikugudubuzika pa kapinga yemweyo, m'mawa kuli mame ndi masana atauma.

Tsiku lina manja akadzayamba kunjenjemera, njira zololedwa zilipo. Mukhoza kusintha kagwiridwe, dzanja lamanzere n'kukhala pansi pa lamanja. Mukhoza kugoneka chogwirira pamkono, pansi pa chigongono, monga anachitirapo Matt Kuchar ndi Bryson DeChambeau. Langer akumenyabe ndi yaitali, ataichotsa pachifuwa. Zimenezo mudzazifune vuto likadzafika, ndipo mudzayambe mwafunsa mphunzitsi wanu.