Kuseka mbeta kapena kuseka nayo?

Paukwati wa msuweni wanga mwezi wathawu, nthawi ya perekaniperekani, azakhali anandikoka mkono n'kundifunsa aliyense akumva: "Iwe mwana, nanga zako tivina liti? Sukulu wamaliza, ntchito wapeza, ukudikiranso chiyani?" Azimayi amene anali pafupi anaseka. Inenso ndinaseka, chifukwa pamalo ngati pamenepo palibe china chimene ungachite. Ndili ndi zaka 28 ndipo funsoli ndalimva kambirimbiri, koma silinasiye kundiwawa.

Usiku womwewo ndinatenga buku limene ndinagula kalekale kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, Bridget Jones's Diary la Helen Fielding, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Nditaliika pansi ndi pamene ndinadzifunsa: kodi kuseka kwa azimayi aja ndi kuseka kwanga usiku uno n'kosiyana? Paliponse pamenepa amene akusekedwa ndi mkazi wosakwatiwa. Nanga n'chifukwa chiyani kwina kunandipweteka, kwina kunandipepuza mtima?

Kwa amene simunaliwerenge, nkhaniyi inayamba ngati danga la mlungu ndi mlungu m'nyuzipepala ya The Independent ku Britain mu 1995, kenako inatuluka ngati buku mu 1996. Filimu yake inabwera mu 2001, Renée Zellweger akusewera ngati Bridget. Bridget ndi mkazi wa zaka za m'ma 30, amakhala yekha ku London, amagwira ntchito pakampani yosindikiza mabuku. Bukuli ndi zimene iye mwini akulemba tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu, ndipo pafupifupi tsiku lililonse amayamba ndi kudziwerengera machimo: sikelo yanena chiyani, wasuta ndudu zingati, wamwa mowa wochuluka bwanji. Akugwa m'chikondi ndi bwana wake, Daniel Cleaver, munthu wokoma pakamwa koma wabodza, pamene mayi ake akumukankhira kwa loya wina wosamwetulira, Mark Darcy.

Anthu ena sakondwa nalo bukuli, ndipo mfundo zawo si zachibwana. Amati taonani, mkazi wophunzira, wa ntchito yake, wa nyumba yake, koma maganizo ake onse ali pa mwamuna ndi pa sikelo. Chaka chikuyamba akulemera makilogalamu pafupifupi 58, thupi labwinobwino, koma iye akudziona ngati wonenepa. Amati bukuli likuphunzitsa atsikana kudzida, ndipo likupatsa amuna mpata wonena kuti, "Si mwaona, mbeta zonse zili chonchi, zikungolirira banja." Ngati ndi choncho, ndiye kuti Fielding ndi azakhali anga ali mbali imodzi, kusiyana kwake n'kwakuti wina analemba buku.

Koma nditaliwerenganso ndinaona china. Pali tsiku limene Bridget akufika pa sikelo imene wakhala akuilakalaka kwa zaka zambiri. Akupita kuphwando ali wonyada, koma anzake akumufunsa ngati akudwala, akuti akuoneka wotopa, ankaoneka bwino kale. Apa chimene chikusekedwa si thupi la Bridget. Chikusekedwa ndi lamulo limene wakhala akulitumikira, lamulo lopanda mutu limene magazini ndi mabuku a malangizo anamuuza. Chimodzimodzi pamene waitanidwa kukadya ndi anzake okwatiwa, iwo n'kuyamba kumupanikiza ndi mafunso a chifukwa chake sanakwatiwe. Ukamawerenga, amene akuoneka opusa ndi ofunsawo. Ndipo banja la makolo ake, lija likanakhala chitsanzo, likugwedezeka: mayi ake atengeka ndi mwamuna wina, Julio, amene pamapeto akupezeka kuti ndi kathyali wobera anthu ndalama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndi pamene ndinapeza kusiyana koyamba. Paukwati paja nkhani yanga inali m'kamwa mwa anthu ena, ine ndinali chinthu chokambidwa. M'bukuli cholembera chili m'manja mwa mbeta. Iye ndi amene akusankha chosekedwa, ndipo akadziseka yekha amakhala walanda anthu ena ndodo imene akanamukwapula nayo. Wowerenga amakhala m'mutu mwake, ndipo n'kovuta kunyoza munthu amene ukuona dziko ndi maso ake.

Komabe sindikufuna kulimasula bukuli msanga choncho, chifukwa pali nkhani ya mathero. Chaka chikutha Bridget ali ndi Mark Darcy, mwamuna yemwe uja mayi ake ankafuna kuyambira mu Januwale. Ndiye masamba onsewa taseka anthu ofunsa mafunso, koma potsiriza bukuli lawapatsa chimene ankafuna. Eti abale, si kuvomereza kumeneko kuti umbeta ndi matenda ndipo mankhwala ake ndi mwamuna?

Mathero amenewa Fielding anawatenga kwa Jane Austen, ndipo sanabise: dzina la Darcy ndi mafupa a nkhaniyi n'zochokera mu Pride and Prejudice, buku la mu 1813. Koma kwa Austen ukwati sunali nkhani ya mtima wokha. Banja la Bennet lili ndi ana aakazi 5, ndipo bambo awo akadzamwalira nyumba ndi malo zidzapita kwa wachibale wamwamuna, Mr Collins. Mayi awo timawaseka chifukwa cha phokoso lawo lofunira ana amuna, koma mantha awo ndi enieni: ana akapanda kukwatiwa adzasowa pokhala. Charlotte Lucas, wa zaka 27, akuvomera kukwatiwa ndi Collins yemweyo, munthu amene samukonda, pofuna denga basi. Austen mwiniwake anavomera ukwati mu Disembala 1802, m'mawa mwake n'kusintha maganizo, ndipo anamwalira mu 1817 asanakwatiwe. Amene analemba mathero a ukwati otchuka chonchi anasankha kukhala mbeta.

Bridget alibe vuto la Charlotte. Ali ndi malipiro ake, palibe amene adzamuchotse m'nyumba. Chimene chatsala ndi manyazi okha, ngati chipsera cha bala limene linapola kale. Mwina n'chifukwa chake nkhani yake imaseketsa kwambiri: mantha akadalipo, koma chifukwa chake chinachepa.

Olemba a pambuyo pake anayesa njira zina. Queenie, buku la Candice Carty-Williams la mu 2019, limakamba za mtsikana wa zaka 25 wa ku London, wa makolo ochokera ku Jamaica, amene wasiyana ndi chibwenzi chake chachizungu. Anthu ankalitcha Bridget Jones wa anthu akuda, koma kuseka kwake kumafika pena n'kuuma pakhosi. Amuna amene akukumana nawo akumuona ngati thupi chabe, maganizo ake akusokonekera, ndipo chimene chikumudzutsa si mwamuna watsopano. Ndi uphungu wa katswiri wa zamaganizo, agogo ake ndi anzake. Mu 2020 bukuli linasankhidwa kukhala buku la chaka pa British Book Awards. Ndipo Fielding yemwe, m'buku la mu 2013, Mad About the Boy, anamupha Mark Darcy n'kumusiya Bridget ali wamasiye wa ana awiri. Ngakhale amene anapeza mwamuna wabwino anadzapezekanso ali yekha.

Ndiye yankho langa ndi ili. Kufuna chikondi si mlandu, ndipo buku lothera m'chikondi silinalakwe. Inenso ndimafuna munthu wanga, sindinama. Funso limene ndimalifunsa buku lililonse la mtundu umenewu ndi lakuti: kodi mkaziyu anali munthu wathunthu mwamunayo asanabwere? Mutachotsa tsamba lomaliza, kodi moyo wake ukhala wopanda pake? Kwa Bridget ndikuona kuti ayi. Anzake aja, Jude, Shazzer ndi Tom, amene amathamangira kwa iye zinthu zikavuta, analipo Darcy asanabwere. Ntchito anasiya yekha n'kukapeza ina pa TV. Darcy wangowonjezera pa moyo umene unalipo kale. Kuseka koyenera ndi kumene kumamusiya wosekedwayo ali chilili, ali ndi ulemu wake. Kuseka kumene kumamuchepetsa kuti ena amve kukula, kumeneko ndi nkhanza, ngakhale kutachokera kwa wachibale.

Koma Austen wandiphunzitsanso kusawaseka msanga azakhali anga. Iwo anakula nthawi imene kwa akazi ambiri ulemu ndi chitetezo zinkadzera m'banja. Akamandifunsa funso lija, pansi pake pali lina limene sadziwa kulifunsa: ukadzadwala adzakusamala ndani? Limeneli ndi funso labwino, ndipo digiri yokha siliyankha. Pamene ndimasiyana nawo ndi poganiza kuti yankho lake ndi limodzi lokha.

Lamlungu lapitali ndinawaimbira foni. Ndinawauza kuti, "Azakhali, funso lija mukandifunsa pagulu limandipweteka. Mukafuna kudziwa za moyo wanga, mundifunse tili awiri, ndikuuzani zonse." Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Pepa mwana wanga, ine ndimayesa tikungocheza." Tinacheza pafupifupi ola lathunthu, za ntchito, za lendi, za mwendo wawo umene ukuwavuta. Tisanadule anati, "Koma ukamupeza undiuze ine poyamba, wamva?" Ndinaseka, iwonso anaseka, ndipo ulendo uno sizinandiwawe.