Kodi Munthu Abise Matenda Kuti Apeze Chiphaso?

Munthu wa ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe wofuna kukakhala ku Britain kwa miyezi yoposa 6 amayamba wapimidwa chifuwa chachikulu pa chipatala chovomerezedwa ndi boma la dzikolo. Amamuunika m'chifuwa, ndipo chithunzi chikaonetsa banga m'mapapo, amapereka makhololo amene zotsatira zake zimatha kutenga masabata 8. Walira mvula walira matope: wofuna chiphaso sangathawe dokotala.

Pangakhale namwino amene wapeza ntchito ku Manchester. Zaka zapitazo adadwala chifuwa chachikulu, namwa mankhwala kwa miyezi 6 mpaka kuchira. Abale ake agulitsa ng'ombe kuti ulendo utheke, ndipo ana a mchimwene wake akuyembekeza kuti fizi idzachokera kwa iye. Mawa dokotala adzamufunsa ngati adadwalapo nthendayi. Anzake akumunong'oneza kuti akakane. Kodi akakana adzakhala atalakwa?

Omulangiza chotero sayenera kunyozedwa msanga, pakuti mantha awo ali ndi mbiri yake. Pakati pa 1988 ndi 1992, Amalawi pafupifupi 13,000 ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adabwezedwa kwawo, ndipo chifukwa chimene chidaperekedwa chidali chakuti ena mwa iwo, pafupifupi 200, adapezeka ndi kachilombo ka HIV. Dziko la United States nalo lidaletsa anthu a kachilomboka kulowa m'malire ake kuyambira mu 1987, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu Januwale 2010. Kachilomboka sikafala pogwirana chanza kapena pokhala mpando umodzi, koma anthu adatsekeredwa khomo zaka zoposa 20. Amene adaona bambo wake akubwera kuchokera ku migodi ali chimanjamanja sangakhulupirire mosavuta kuti kupima kwa pa malire n'kofunira munthu zabwino.

Komabe mafunso onse a dokotala sali ofanana. Chifuwa chachikulu chimayenda mu mpweya. Wodwala akatsokomola m'chipinda chotseka mazenera, onse okhala naye amapuma tizilombo take. Choncho funso limene namwino uja adzafunsidwe silikhudza iye yekha. Likhudza mnzake wogona naye nyumba imodzi, ndiponso nkhalamba zofooka zimene adzazisambitse ndi kuzidyetsa m'chipatala. Anthu amenewa sadzakhalapo m'chipinda chopimira kuti adzinenere. Owayankhulira ndi choonadi cha namwinoyo basi. Kuwabisira n'kuika moyo wawo pachiswe iwo asakudziwa.

Kunena zoona, bodza lake silingamuthandizenso. Nthendayi nthawi zambiri imasiya zipsera m'mapapo, ndipo chithunzi chimaulula zimene pakamwa pakana. Wochira amene makhololo ake alibe tizilombo amalandira chikalata chake, pamene wogwidwa akunama pa pempho la chiphaso angaletsedwe kulowa mu Britain kwa zaka 10. Ambiri amadandaulanso pachabe ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, chonsecho kupima kumeneku n'kofufuza chifuwa chachikulu chokha.

Koma kuopa kugwidwa si chilungamo. Ngakhale mbala imaopa galu. Funso limakula pamene bodza lingathe kupambana, ndipo nthenda yake si yopatsirana. Ku Australia, ofuna kukakhazikika amayesedwanso ngati chithandizo cha matenda awo chidzadyere boma ndalama zochuluka. Bambo waluso lake akhoza kukanidwa chifukwa cha impso zake, kapena chifukwa cha mwana wake wolumala. Apa palibe amene atengere matenda. Munthu waikidwa pa sikelo ngati thumba la fodya, ndipo mtengo wake wapezeka wochepa. Lamulo lotere n'louma mtima, ngakhale eni dziko anganene kuti misonkho ndi yawo ndipo zipatala zawo zili ndi malire.

Nanga bamboyo akabisa, walakwira yani? Mwina boma lakutali silingamve kupweteka. Koma iye adzakhala atasaina dzina lake pansi pa mawu onama, ndipo bodza lotere silithera pa tsiku lopimidwa. Akafika kumeneko adzazengereza kupita kuchipatala, poopa kuti mbiri ya matenda ake ingatsutsane ndi zimene adalemba. Adzaphunzitsa mkazi ndi ana zoyenera kunena ndi zoyenera kubisa. Mwana wolumala uja adzakula akudziwa kuti thupi lake lidali chinsinsi cha banja. Akanena zoona, angathe kukanidwa ndithu, ndipo ndalama zonse za ulendo n'kupita m'madzi. Njira yomutsalira ndiyo kusonkhanitsa makalata a madokotala ake, kuonetsa kuti akumwa mankhwala mwa ndondomeko, ndi kupempha kuti mlandu wake uunikidwenso pamene lamulo likulola. Njirayi ndi yaitali, ndi yodula, ndipo ena amaiyenda mpaka kumapeto osapeza chiphaso.