Kodi Tili ndi Ufulu Wogonetsa Mlonda wa M'thupi?

Kuyambira pamene mawu akuti CD4 analowa m'makomo mwathu, tinazolowera kuganiza za chitetezo cha m'thupi ngati chimanga cha m'nkhokwe: chikachuluka ndi mtendere, chikachepa ndi maliro. Maganizowa sanabwere popanda chifukwa. Tinaona ndi maso athu zimene kachilombo ka HIV kamachita kakatha asilikali a m'thupi, ndipo tinaonanso anthu amene tinali titawataya mtima akudzuka pamphasa ma ARV atayamba kuperekedwa kwaulere m'chaka cha 2004. N'chifukwa chake wogulitsa mabotolo pamsika akangofuula kuti mankhwala ake amakweza chitetezo, ambiri timapisa m'thumba osafunsa zambiri. Ndiye tikamva kuti alipo mankhwala amene dokotala amapereka dala kuti atsitse chitetezo, timadabwa, ndipo Msilamu amadabwa kawiri. Mlonda amene Allah anamuika pakhomo la thupi, kodi kapolo ali ndi ufulu womugonetsa?

Sitingayankhe tisanamudziwe mlondayo. Chitetezo chathu chili pawiri. Pali chobadwa nacho, monga khungu, mamina, kutentha kwa thupi ndi maselo amene amameza chachilendo chilichonse. Chimenechi chimafulumira koma sichisunga nkhope ya mdani. Pali china chochita kuphunzira, ndipo nkhani yathu yagona pamenepo. Asilikali ake ndi maselo a B ndi maselo a T, onse obadwira m'kati mwa mafupa. A B amapanga ma antibody, timapuloteni toyenda m'magazi timene timakakamira pa kachilombo kuti kasalowe m'maselo ndiponso kuti kaonekere kwa okapha. A T ena amapha maselo athu amene kachilombo kabisalamo, pamene ena, omwe ndi a CD4 aja, ndiwo amayendetsa nkhondo yonse.

Chogometsa n'chakuti selo lililonse limadziwa mdani mmodzi yekha, ndipo limamudziwa lisanakumane naye. Susumu Tonegawa wa ku Japan, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1987, anasonyeza kuti maselo opanga ma antibody akamakula amadula ndi kulumikiza zidutswa za majini awo mosiyanasiyana, kotero kuti thupi limasunga makiyi miyandamiyanda a maloko amene silinawaonepo. Pamene COVID-19 inkafika, m'matupi mwathu munali kale timaselo tochepa tokhoza kuizindikira, ngakhale kuti nthendayo inali yatsopano padziko lonse. Wokhulupirira akamva zimenezi amangoti Subhanallah. Kachilombo kakalowa, kaselo kamene kiyi yake yakwana kamayamba kuswana, ndipo mwanabere amene amatupa m'khwapa kapena m'khosi ndiye msasa wa asilikaliwo. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri gulu lakwana. Nkhondo ikatha ambiri amafa, koma ochepa amatsala zaka zambiri akukumbukira, n'chifukwa chake agogo athu ankadziwa kuti chikuku sichigwira munthu kawiri. Katemera amangolionetsa thupi nkhope ya mdani nthawi ya mtendere. Anthu a ku Istanbul ankatemera ana awo nthomba Edward Jenner asanayese njira yake mu 1796, ndipo katemera wa malungo anayambira kuno ku Malawi mu Epulo 2019, Mangochi ndi Machinga ali m'gulu la maboma oyambirira. Pa mankhwala ophunzitsa mlonda, mtima suvutika kwenikweni.

Koma gulu lankhondo lopangidwa mwa njira imeneyi lili ndi ngozi yake. Mwa makiyi miyandamiyanda aja, ena amakwana pa maloko a m'nyumba momwemo. N'chifukwa chake maselo a T asanatumizidwe kuntchito amayamba adutsa m'kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Kumeneko amaonetsedwa zidutswa za thupi la mwini wake, ndipo amene aonetsa ukali pa izo amaphedwa. Ambiri mwa olowa m'sukulu imeneyi satulukamo. Phunziro loyamba la mlonda, tsono, ndi kudziwa eni nyumba. Kumenya kumabwera pambuyo.

Ife a m'mbali mwa nyanja timaudziwa ukonde wa maso ang'onoang'ono. Palibe anganene kuti ndi wofooka, chifukwa umakokolola zonse, chambo ndi kasawala yemwe, ndipo chaka chamawa nyanja imakhala gwa. Chitetezo chosasankha chimachita chimodzimodzi. Mwana akadwala zilonda zapakhosi za bakiteriya wina n'kusalandira mankhwala, ma antibody opangidwira bakiteriyayo angathe kusokoneza n'kuyamba kuluma zitseko za mtima wa mwanayo, ndipo matenda a mtima amenewa alipo ndithu m'zipatala zathu. Shuga wa ana amayamba asilikali akawononga maselo opanga insulin. Nyamakazi ina yotupitsa ndi kupinda zala ndi nkhondo ya thupi ndi mfundo zake zomwe. Odwala oterewa chitetezo chawo n'champhamvu ndithu, chimene chasowa ndi muyezo. Qur'an yolemekezeka imatiphunzitsa kuti Allah analenga chinthu chilichonse mwa muyezo wake ndipo anaika sikelo imene sitiyenera kuipyola. Ngati zili choncho, kubweza mlonda wopyola malire sikunyoza chilengedwe.

Madokotala anayamba kuona zimenezi mu 1948, pamene Philip Hench wa ku Mayo Clinic ku America anapereka cortisone kwa mayi wina amene nyamakazi inamugoneka, ndipo m'masiku ochepa mayiyo anadzuka n'kuyenda. Prednisolone ndi dexamethasone za masiku ano ndi a banja lomwelo. Mu Juni 2020 ofufuza a ku Britain analengeza kuti dexamethasone inachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala COVID-19 amene ankapuma ndi makina, koma sinathandize amene sankafunika mpweya wowonjezera. Mankhwala ndi amodzi, nthenda ndi imodzi, kusiyana kuli pa nthawi: poyamba thupi limafuna asilikali ake ali maso, pambuyo pake moto umene iwo ayatsa m'mapapo ndiwo umapha.

Nkhani imalemera tikafika pa impso. Munthu amene impso zake zafa amadalira makina osefa magazi, omwe kuno ali m'zipatala zowerengeka monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo amene wapeza mwayi woikidwa impso ina amapita kunja, kawirikawiri ku India. Mchimwene wake wampatsa impso mwachikondi, koma thupi lolandira silidziwa mphatso. Maselo a T amaona mlendo, n'kumuukira. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu wabwera kudzakhala. Opaleshoni yoyamba imene inayenda bwino, ya Joseph Murray ku Boston mu 1954, inatheka chifukwa wopereka ndi wolandira anali mapasa ofanana, moti mlonda sanaone kusiyana. Kwa ena onse njira inatseguka bwino ndi ciclosporin, mankhwala ochokera ku nkhungu ya m'dothi amene anavomerezedwa ku America mu 1983, omwe amaletsa maselo a T kuitana anzawo. Wolandira impso amamwa mankhwala a mtundu umenewu moyo wake wonse.

Apa wina angatsutse, ndipo kutsutsa kwake n'komveka. Pa nyamakazi mlonda walakwa, koma pa impso ya mlendo sanalakwe chilichonse. Akuchita zimene analengedwera. Thupi likakana, kodi si chizindikiro chakuti tapyola malire? Komanso wogonetsedwa mlondayo amatseguka ku chifuwa chachikulu, ku matenda a nkhungu, ngakhale ku khansa zina. Kodi sitikugula moyo ndi ngozi imene tapanga ndi manja athu?

Ife tikuona kuti yankho lili m'mimba mwa mayi aliyense woyembekezera. Mwana wa m'mimba theka lake ndi la bambo, choncho kwa asilikali a mayi ndi mlendo ngati impso ija. Peter Medawar anafunsa mu 1953 chifukwa chimene thupi la mayi silimutaya mwanayo. Mbali ina ya yankho ili m'maselo a T amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo, omwe Shimon Sakaguchi anawafotokoza mu 1995. Miyezi isanu ndi inayi Mlengi mwini amatontholetsa mlonda kuti mlendo akule, ndipo tonsefe tinafika padziko kudzera pa khomo limenelo. Kulolera mlendo kulinso m'chilengedwe, monga mmene kumuthamangitsa kulili. Pa za ngozi, maulamaa anakhazikitsa kalekale kuti choipa chochepa chimapiriridwa pofuna kuchotsa chachikulu, ndi kuti chololedwa chifukwa cha vuto chimaloledwa pa mlingo wa vutolo basi. Bungwe la International Islamic Fiqh Academy litakumana ku Jeddah mu 1988 linalola kuika ziwalo pa mfundo zoterezi, n'kukana kugulitsa chiwalo. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, analimbikitsa kufuna mankhwala, ndipo tawakkul sinakhalepo chifukwa chosiyira ngamira osaimanga.

Mfundo ya mlingo ija, komabe, ikutiweruza ifeyo kuposa madokotala. Prednisolone ndi dexamethasone zimagulidwa mwachisawawa, ena chifukwa cha mawondo, ena kuti anenepe, ndipo mafuta ena oyeretsa khungu ali ndi mankhwala a banja lomweli. Ululu umathadi msanga, nkhope imadzaza, anansi n'kumati mwapeza bwino. Koma kudzazako ndi chizindikiro cha mankhwala opitirira, ndipo pambuyo pake pamabwera shuga, kuthamanga kwa magazi, mafupa ofewa ndi chifuwa chachikulu chimene chinali chitagona. Womwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi angathe kukomoka mpaka kufa, chifukwa tiziwalo ta pamwamba pa impso timene timapanga mankhwala achilengedwe a mtunduwu timakhala titaleka ntchito. Amasiya pang'onopang'ono, dokotala akuona. Thupi ndi amanah. Kugonetsa mlonda wake chifukwa chofuna masaya, popanda wodziwa muyezo, ife sitikupezapo chilolezo chilichonse.

Ndipo amene wagonetsedwa mlonda mwachilungamo amasanduka udindo wa banja lonse. Katemera wina, monga wa chikuku, ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, ndipo munthu wotsitsidwa chitetezo kwambiri sangalandire. Chomutchinga ndi chakuti ana a m'nyumbamo analandira wawo pa miyezi 9 ndi 15. Amene wakhala akutsokomola milungu iwiri akayezetse makhololo asanakaime phewa ndi phewa ndi m'bale wotereyu pa Jumu'ah. Madzi ake akumwa aphitsidwe. Ramadhan ikafika, mankhwala ambiri osunga impso amamwedwa kawiri pa tsiku motalikirana maola 12, ndipo impso imodzi yobwereka siifuna ludzu la dzuwa la ku Mangochi. Allah anampatsa kale wodwala chilolezo chomasula, n'kudzabweza masikuwo kapena kudyetsa osauka ngati nthendayo ndi yosatha. Dokotala akanena kuti asasale, a m'nyumba amuphikire masana, ndipo asadyere kuseri kwa chitseko ngati wakuba.