Chinthu Chikasweka, Mlandu Ngwa Yani?

Ngozi ikagwa pa fakitale, pa mlatho kapena pa sitima, funso loyamba limene anthu amafunsa ndi lakuti, "Walakwa ndani?" Kawirikawiri chala chimaloza wantchito wamba amene anali pafupi, popeza iyeyo alibe womulankhulira. Komatu chilungamo chimafuna kuti funso lina litsogole: kodi chinachitika nchiyani? Kuyankha funso limeneli ndi ntchito ya akatswiri opima zitsulo ndi zipangizo zina, amene ambiri a iwo amakhala m'mayunivesite. Iwowa amatola zidutswa za chinthu chosweka ndi kuzipima kufikira zitaulula chimene chinaziswa.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pakati pa 1941 ndi 1945, dziko la America linapanga sitima zonyamula katundu zokwana 2,710 zotchedwa Liberty. Pofuna kufulumira, zitsulo zake ankazilumikiza powotcherera m'malo mozikhomera ndi misomali monga ankachitira kale. Posakhalitsa zambiri zinayamba kung'aluka, ndipo zina zinaduka pakati. Anthu anakayikira owotcherera, poti ambiri anali atangophunzira kumene ntchitoyo. Koma mayi Constance Tipper, katswiri wa pa yunivesite ya Cambridge ku England, anapeza kuti chitsulo cha mtunduwo chikazizira kwambiri, monga m'madzi a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, chimaleka kupindika ndipo chimasweka ngati mbale yadothi. Mng'alu ukayamba pa ngodya ya khomo lolowetsera katundu kapena pamalo owotchereredwa molakwika, unkathamanga popanda chouletsa. Ngakhale owotcherera onse akanachotsedwa ntchito, sitimazo zikanapitirizabe kung'aluka, pakuti nthenda yeniyeni inali m'chitsulo.

Wina anganene kuti kafukufuku wotere amapulumutsa olakwa, chifukwa mlandu umagwera chitsulo chimene sichingaimbidwe mlandu. Nkhani ya chombo cha Challenger ikusonyeza kuti sizili choncho. Pa 28 Januwale 1986 chombochi chinaphwasuka patangopita masekondi 73 chinyamukireni, ndipo anthu asanu ndi awiri anafa. Mmodzi mwa ofufuza, Richard Feynman, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Caltech, anaviika kachidutswa ka mphira m'madzi ozizira kwambiri anthu akuona. Mphirayo, imene inkatseka polumikizira mbali za roketi, inauma ndi kulephera kubwerera msanga m'malo mwake. Koma ofufuza sanalekere pa mphira. Anapezanso kuti usiku woti mawa chombo chinyamuka, mainjiniya ena anachenjeza za kuzizirako, koma akuluakulu awo sanasamale. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo mnansiyo sanamveredwe.

Choncho kufufuza koona sikufafaniza mlandu ayi, koma kumauika pamene uyenera kukhala. Pa sitima zija kunachepetsa katundu amene anasenzetsedwa antchito wamba, pomwe pa Challenger kunafika mpaka kwa anthu a maudindo.

Apa mpamene pagona yesero la wofufuza mwini. Nthawi zambiri amene amamutuma ndi kumulipira ndi kampani kapena boma limene chinthu chake chasweka. Akanena zoona angathe kutaya ntchito ndi abwenzi. Akabisa, chilema chomwecho chidzapha ena mawa. Feynman anaumirira kuti zimene iye anaona zisindikizidwe, ndipo zinaikidwa kumapeto kwa lipoti la ofufuzawo. Ngongole yaikulu ya wofufuza siili kwa womulipira, koma kwa woyendetsa sitima, wokwera basi ndi mwana wowoloka mlatho, amene amaika moyo wawo pa chitsulo chimene sangathe kuchipima okha.

Madzi akatayika sawoleka, ndipo palibe lipoti limene lingadzutse akufa. Komabe chifukwa cha zimene zinapezeka, ngodya za makomo a sitima zinalimbitsidwa, chitsulo chinayamba kuyesedwa pozizira, ndipo polumikizira roketi panakonzedwa mwatsopano. Wophunzira amene akulakalaka kudzakhala injiniya adziwe kuti masamu okha sakwanira. Adzafunikanso mtima woleza wosafulumira kuloza chala, ndi mtima wolimba wonena chimene wapeza ngakhale pamaso pa womulemba ntchito.