Keke ya chinanazi pa mbaula

Kunja kukadali mbuu, nkhungu yakuta phiri la Mulanje.

M'mawa uno ndikuganiza za keke ija amaphika ku England, ya maapozi ndi tizipatso tofiira ta raspberry, pamwamba atawaza nyenyeswa za fulawa, majarini ndi shuga. Kuno maapozi ndi odula, ambiri amachokera ku South Africa. Koma chinanazi ndi chathuchathu, ndipo mabulosi akapsa amapereka kufiira komweko.

Dulani chinanazi tizidutswa, muchifinye pang'ono, chifukwa madzi akachuluka keke imakhala yonyowa pansi. Za pamwambazo musakande ayi. Fikisani fulawa ndi majarini ndi nsonga za zala mpaka zichite ngati mchenga, kenako thirani shuga. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, ndipo nyenyeswa sizituluka.

Uvuni si vuto. Makala ambiri akhale pa chivundikiro, pansi pa poto ochepa, monga amayi amachitira pophika chigumu. Musamavundukule pafupipafupi, kutentha kumathawa. Pamwamba pakachita bii pang'ono, phulani, muisiye izizire musanaidule.