Galimoto ya Maliro Ikakana Kulira

Pa msewu wa M1, penapake pakati pa Dedza ndi Ntcheu, si zachilendo kuona pikapu ya Toyota Hilux itaima m'mbali, boneti ili yasa, kumbuyo kuli bokosi ndi amayi atafunda zitenje. Anangoima kuti anthu akadzithandize, koma pofuna kunyamuka injini ikungozungulira osalira. Sipapita nthawi, wina amanena motsitsa mawu kuti, "Malemu akukana." Mwini mbumba amavula chipewa, n'kusendera pafupi ndi bokosi: "Achimwene, tiyeni kumudzi. Anthu akudikira, adzukulu amaliza kale. Ngati pali chimene tinakulakwirani, tikakamba tikafika."

Kutsogoloko kuli mnyamata wagwira sipanala. Iye akufunsa kuti chavuta n'chiyani. Akuluakuluwo akufunsa kuti bwanji zachitika lero, pa ulendo ngati uno. Mafunsowa ndi awiri osiyana, ndipo mavuto ambiri amayamba anthu akawasakaniza.

Funso la mnyamatayo lili ndi njira yake. Injini ya dizilo ilibe ma spark plug oyatsa moto ngati ya petulo. Rudolf Diesel, yemwe injini yake inayamba kugwira ntchito mokhutiritsa mu 1897 ku Augsburg m'dziko la Germany, anadalira kupanikiza mpweya mpaka utenthe. Mu injini ya 3L, ya malita 2.8, yomwe ili m'ma Hilux ambiri akale, pisitoni imaunjika mpweya pa kamalo kochepa pafupifupi ka 22 kuyerekeza ndi pomwe unali, ndipo kutentha kwake kumapitirira madigiri 500. Dizilo akapoperedwamo amangoyaka yekha. Choncho injini imafuna zitatu: izungulire mwamphamvu, mkati mutenthe, ndipo mafuta abwino afike pa nthawi yake.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi khutu. Kiyi ikapotokoledwa n'kungomveka kuti "tha", kapena sitata ikamazungulira ngati yatopa, amapita kaye ku batire. Amayang'ana ngati ma terminal agwira ufa woyera wobiriwira uja, amagwedeza waya wa earth, ndipo ngati ali ndi choyezera amayeza. Batire yodzadza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, ikamatsika kudutsa 10 poliza, ndiye kuti yafooka. Injini ikakhala kuti ikuzungulira bwino, amatuma munthu kumbuyo: "Taonani utsi, bambo." Utsi woyera wonunkha dizilo umasonyeza kuti mafuta akufika koma moto sukugwira, ndipo m'mawa wa mu June ku Dedza oyamba kukayikiridwa amakhala ma heater plug. Utsi ukapanda kutuluka n'komwe, ndiye kuti mafuta sakufika.

Apa m'pamene manja amada. Amatchera khutu pa pampu kuti amve ngati ka solenoid kotsegula mafuta kakugunda kiyi ikayatsidwa. Amadina kabatani kopopera pamwamba pa filter: kakamangolowa pyatapyata osalimba, mumapaipi mwalowa mpweya. Amamasula kunsi kwa filter n'kutchera m'kabotolo, ndipo nthawi zina choyamba kutuluka ndi madzi, dizilo akubwera pambuyo. Oyendetsa galimoto omwe anagulapo mafuta a m'zigubu pa nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2011 ndi 2012, komanso m'zaka zaposachedwazi, amawadziwa madzi amenewa. Pomaliza amamasula pang'ono nati ya paipi yopita ku injector, wina akuliza, mpaka thovu litha n'kuyamba kulavula dizilo yekhayekha. Kumasula nati kumeneku n'kwapa injini zakalezo zokha. Pa zamakono za common rail, monga D-4D, mafuta amakhala ndi mphamvu yopitirira mabaa 1,000, yotha kuboola khungu la munthu, ndipo paipi yake simasulidwa injini ikuzungulira.

Nanga bwanji kangapo konse galimoto imalira mwini mbumba atangotha kulankhula? Yankho lina lilipo, ndipo kulibisa n'kusaona mtima. Pa mphindi khumi zomwe anthu ali zii kumvetsera, sitata yomwe inatentha imazizira, batire imabwezako kamphamvu, ndipo dalaivala, amene tsopano mtima wakhala m'malo, amadikira kuti kanyali ka ma heater kazime asanalize.

Koma wonena kuti nkhani yathera pamenepo wafulumira. Katswiri wa ku Britain wofufuza za chikhalidwe cha anthu, E. E. Evans-Pritchard, anakhala pakati pa Azande kumwera kwa Sudan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo m'buku lake la mu 1937 anafotokoza za nkhokwe zimene zinkagwera anthu opuma pamthunzi wake. Azande ankadziwa bwino lomwe kuti chiswe ndicho chadya mizati. Ankadziwanso kuti anthuwo anakhala pamenepo pothawa dzuwa. Chimene ankafuna kumvetsa ndi chakuti zinthu ziwirizi zinakumana bwanji pa mphindi imodzi, pa anthu amenewo osati ena. Funso limeneli si la umbuli. Choyezera batire sichingaliyankhe, ndipo aliyense amene anaferedwapo analifunsapo.

Mawu a mwini mbumba pa bokosi nawonso amagwira ntchito imene sipanala singaigwire. Kawirikawiri pamakhala palidi nkhani: mkangano wa komwe malemu akagone, kwawo kwa amayi awo kapena komwe anamanga banja, ana amene sanabwere kudzadwazika, mawu oipa amene sanabwezedwe. Kuima kwa galimoto kumapereka mpata woti zimenezi zitchulidwe pamaso pa onse. Kulankhula koteroko, ngakhale pemphero la abusa pambali pa msewu, sikupweteka munthu, ndipo sikuletsa mnyamata uja kupitiriza kupopa mafuta.

Poipa ndi pamene "bwanji lero" asanduka "ndani wachita". Kuchokera pa "malemu akukana" kufika pa "alipo wamanga ulendowu" ndi pafupi kwambiri, ndipo chala sichiloza munthu wamphamvu. Chimaloza agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi, kapena mkazi wamasiye amene akuchimuna sanamukondepo chiyambire. Mu January 2016 m'boma la Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la mu 1911, lomwe limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, silinawateteze. Mtsikanayo anafadi, chisoni cha abale ake chinali chenicheni, koma funso lawo linayankhidwa ndi magazi a anthu amene sanapatsidwe mpata wodziyeretsa.

Chikhristu chili ndi mawu ake pa zimenezi, ngakhale samveka kawirikawiri pa maliro. Mu Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 13, Yesu anatchula za nsanja ya ku Siloamu imene inagwa n'kupha anthu 18, ndipo anakana kuti anthuwo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Anzake a Yobu, amene anaumirira kuti tsoka lake lili ndi mwini wake, ndiwo anadzudzulidwa kumapeto kwa bukulo. M'malo onse awiri funso la "bwanji" silikuletsedwa. Chikuletsedwa ndi kuthamangira kupeza wolakwa.

Apa makaniko ali ndi chophunzitsa ansembe ndi mafumu omwe. Iyenso amakayikira, ndipo ntchito yake yonse ndi kukayikira. Koma chilichonse chimene wachikayikira amachipatsa mpata wodziyankhira. Akaganizira batire, amaiyeza. Ikapezeka yabwino amaisiya, ngakhale poyamba anali wotsimikiza. Amayambira pa zotchipa ndi zapafupi, fyuzi ndi waya womasuka, asanafike pa pampu. Sachotsa chinthu chifukwa choti n'chakale kapena sichikuoneka bwino. Ndi zomvetsa chisoni kuti batire ya galimoto imazengedwa mlandu mwachilungamo kuposa mmene anachitira ndi okalamba a ku Neno.

Si onse ogwira sipanala amene amatero. Alipo amene asanatsegule n'komwe boneti amalengeza kuti, "Pampu yapita iyi, bwana," chifukwa pampu ndiyo ili ndi ndalama, ndipo mwini galimoto wothedwa nzeru amafuna yankho lachangu kuposa loona. Amagula ina, kuimanga, galimoto n'kukanabe, kenako vuto n'kudzapezeka pa kapaipi kong'aluka kamene kankayamwa mpweya pafupi ndi thanki. Woombeza amene amatchula dzina la munthu anamfedwa asanamalize kufotokoza amadyera pa njala yomweyo ya yankho lachangu. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini galimoto amatha kubwerera ku galaja kukafunsa za ndalama zake, pomwe banja la wotchulidwa uja nthawi zambiri limakhala litathawa kale m'mudzi, nyumba itatenthedwa.