Kodi Tivomereze Kuti Chamba Chizisutidwa Mwaufulu?



Mwezi wathawu titatha mapemphero a amayi kuno ku Phalombe, mayi wina anatifunsa funso limene tinalephera kuliyankha tsiku lomwelo. Mwana wawo wabwera kuchokera ku Joni kumene amagwira ntchito, ndipo wawauza kuti kumeneko munthu wamkulu akasuta chamba m'nyumba mwake apolisi samumanga. Mnyamatayo akuti ifenso tiwauze aphungu athu kuti asinthe lamulo, ndipo akakana tisadzawavoterenso. Mayiwo anati, "Nanga ine ndimuyankhe chiyani? Ndikangoti ndi tchimo amandiseka, amati mayi simudziwa za dziko." Ena mwa ife tinaseka, ena tinakwiya, koma pobwerera kunyumba tinaona kuti funsoli ndi la ife tonse, chifukwa ndife amene timaponya mavoti, ndipo ndife amene timalera ana amene lamulolo lidzawakhudza.

Tiyambe ndi kudziwa pamene lamulo laima. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima chamba chopangira mankhwala ndi chopangira zinthu monga nsalu, zingwe ndi mafuta, ndipo boma linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka zilolezo. Mu March 2024 aphungu anagwirizananso kuti chamba chathu chakuno chomwe chizilimidwa ndi chilolezo pa ntchito zomwezo. Koma kusuta chamba pofuna kusangalala kunakhalabe koletsedwa, ndipo wopezeka nacho wopanda chilolezo amamangidwa. Zimene ananena mnyamata wa ku Joni uja n'zoona: mu September 2018 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko la South Africa linagamula kuti munthu wamkulu angathe kusuta ndi kudzilimira chamba chake m'malo akeake. Ku America anthu a m'zigawo za Colorado ndi Washington anachita kuponya mavoti pa nkhani imeneyi m'chaka cha 2012 ndipo anavomereza. Dziko la Uruguay linalola mu 2013, la Canada mu 2018. Choncho tisamayese kuti nkhaniyi ili kutali. Lero ili pa wailesi, mawa idzafika pa msonkhano wa phungu pa Migowi kapena pa Chiringa.

Amene akufuna kuti lamulo lisinthe si onse amene ali osokonekera mitu, ndipo tikhala osalungama tikapanda kuwamvera. Poyamba amati chamba ndi mmera wolengedwa ndi Mulungu monga mbewu zina zonse, ndipo abale athu achirasta amachiona ngati chinthu cha chipembedzo chawo. Chachiwiri amanena za ndalama. Ife a kuno tikudziwa mmene mtengo wa nandolo unagwera m'chaka cha 2017 dziko la India litachepetsa kugula, tikudziwa mmene fodya amatikhumudwitsira, ndipo namondwe Freddy wa mu March 2023 anatisiya ambiri opanda minda ndi nyumba. Munthu wa m'mavuto otere akamva kuti pali mbewu ya ndalama zambiri, sitingamudzudzule chifukwa chotchera khutu. Chachitatu amatifunsa kuti bwanji mowa ndi wololedwa, pamene wapasula mabanja ochuluka ndi kupha anthu ambiri pa misewu. Chachinayi amati kumanga anyamata sikunathetse chamba m'dziko muno, koma kwangodzaza ndende.

Mfundo yachinayi ija ife imatipweteka mtima chifukwa taiona ndi maso. Tikudziwa mnyamata amene anagwidwa ndi kandudu kamodzi m'thumba ali m'kalasi yomaliza ya sekondale. Anakakhala kundende miyezi ingapo pamodzi ndi mbava zenizeni. Anatuluka ali ndi mphere thupi lonse, mayeso atamupita, ndipo chamba chimene anachimangira sanachisiye, anangophunzira kumene chimagulitsidwa chotchipa. Amayi ake anagulitsa mbuzi ziwiri kuti azikamuona. Sitinganene kuti chilango chimenecho chinathandiza munthu aliyense.

Komabe pali zina zimene ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinaziona, zimene sizinenedwa kawirikawiri pa wailesi. Tinalandirapo anyamata obwera nawo pa ngolo atamangidwa manja ndi zingwe, atatha masiku osagona, akumva mawu amene wina aliyense sakuwamva, akukhulupirira kuti amayi awo enieni akufuna kuwapha. Tikafunsa achibale, nthawi zambiri tinkamva kuti mwanayo anayamba kusuta ali ndi zaka 14 kapena 15. Tinkawabaya jekeseni yoti agone, n'kudikira galimoto yopita ku chipatala cha anthu odwala misala ku Zomba. Amene ankagona pansi pafupi ndi bedi usiku wonse, nthawi zina ali ndi bala pamutu lomenyedwa ndi mwana yemweyo, anali mayi.

Tinene zoona zokhazokha, chifukwa ana athu akatipeza tikukokomeza sadzatikhulupiriranso. Si aliyense wosuta chamba amene amachita misala. Ambiri amasuta zaka ndi zaka osafika pamenepo. Koma m'chamba muli mankhwala otchedwa THC amene amaledzeretsa, ndipo madokotala anapeza kuti amene amasuta tsiku ndi tsiku, amene amasuta chamba champhamvu, ndi amene anayamba ali ana, ali pa chiopsezo chachikulu cha kusokonekera mutu, makamaka ngati m'banja mwawo muli kale matendawa. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25. Mwa anthu khumi osuta, pafupifupi mmodzi amagwidwa ndi chibaba choti sangathenso kusiya yekha, ndipo mwa amene anayamba ali achichepere chiwerengerochi chimakwera. Vuto lake n'lakuti palibe amene amadziwiratu kuti mwana uti ndi amene adzagwe. Anyamata asanu amasutira limodzi kudambo, anayi amakwatira n'kumalima, wachisanu timamupeza akutola zinyalala pa msika.

Pa mfundo yakuti chamba n'cholengedwa ndi Mulungu, ife tikuvomereza. Koma ntchito ya unamwino inatiphunzitsa kuti chinthu chabwino chimafuna mpanda. M'chipatala tinali ndi kabati yokhoma ya mankhwala oopsa monga morphine, amene amachokeranso ku mmera. Makiyi ake ankasunga namwino wamkulu, ndipo dontho lililonse linkalembedwa m'kaundula, anthu awiri n'kusaina. Mankhwala amenewo tinathandiza nawo odwala khansa kuti agone mopanda ululu, ndipo tinkathokoza Mulungu chifukwa cha iwo. Koma palibe namwino amene akanavomera kuti morphine azigulitsidwa pa okala. Chamba nachonso chili ndi ntchito yake m'manja mwa madokotala. Mankhwala ochokera m'chamba amathandiza ana ena odwala khunyu yovuta, ndiponso amachepetsa mseru mwa amene akulandira mankhwala a khansa. Pa chifukwa chimenechi ife sititsutsa lamulo la 2020. Pamene tikusiyana ndi anzathu aja ndi pochotsa mpanda wonse. Mtumwi Paulo pa 1 Akorinto 6:12 amatiphunzitsa kufunsa mafunso awiri pa chinthu chilichonse, ngakhale chololedwa: kodi chikutipindulira, ndipo kodi sichitisandutsa akapolo ake?

Pa nkhani ya mowa, anzathuwa akunena zoona kuti mowa wawononga kwambiri. Koma ife tikuona kuti mowa womwewo ndi umene ukutichenjeza. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Tonse tikukumbukira masiku a masacheti, pamene ana a pulayimale ankagula mowa waukali ndi ndalama ya mandasi, kufikira boma linauletsa. Ndani mwa ife anaonapo wogulitsa kachasu akufunsa mwana zaka zake? Ngati talephera kuteteza ana ku chinthu chimodzi chololedwa, n'chiyani chidzatipatse mphamvu yowateteza ku chachiwiri? Maiko ena amene analola kusuta ali ndi masitolo a zilolezo, oyendera amene amayeza mphamvu ya chamba, ndi zipatala zothandiza ogwidwa ndi chibaba. Ife boma lonse la Phalombe, wodwala misala kwambiri timamutumiza ku Zomba. Ngakhale dziko la Thailand, limene linamasula chamba mu 2022, linabwerera m'mbuyo mu 2025 n'kulamula kuti chizigulitsidwa kwa okhawo amene ali ndi kalata ya dokotala. Walira mvula walira matope, ndipo matope ake adzagwera pa khomo la mayi wosauka.

Za ndalama nazo tiziganizire bwino. Pamene zilolezo zinalengezedwa mu 2020, chilolezo cholima chamba cha mankhwala chinali madola 10,000 a ku America. Ndi mlimi uti wa ku Nambazo kapena ku Chitekesa amene akanapeza ndalama zimenezo? Tikuopa kuti chamba chosuta chikadzaloledwa, phindu lalikulu lidzapita kwa eni makampani, ndipo ana athu adzakhala ogula chabe. Wamalonda aliyense amafuna kuti ogula achuluke, ndipo wogula wabwino kwambiri ndi amene sangathe kusiya. Ngati aphungu athu akufuna kuthandiza alimi, atsitse mtengo wa zilolezo za chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala, ndipo apeze misika yodalirika ya nandolo, mpendadzuwa ndi mpunga.

Pali mfundo ina imene achinyamata amaikonda, yakuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wochita zimene akufuna ndi thupi lake. Ife sitinyoza ufulu. Ambiri mwa ife tinaima pa mzere pa 14 June 1993 kuvotera ufulu umenewu. Koma m'midzi mwathu palibe munthu amene thupi lake ndi lake yekha. Akadwala, wina amasiya munda kukamudikirira kuchipatala. Akalephera kugwira ntchito, wina amadyetsa ana ake. Mnyamata wa kabaza akasuta n'kunyamula mayi woyembekezera, thupi limene lili pa ngozi si lake lokha. Ufulu umene mtengo wake amalipira ndi munthu wina uyenera kufunsa maganizo a wolipirayo, ndipo wolipirayo kawirikawiri ndi ife.

Maganizo athu tsono ndi awa. Funsoli likadzafika kwa ife, kaya kudzera mwa aphungu kaya pa riferendamu, ife tikuona kuti tiyenera kukana kuti chamba chizigulitsidwa ndi kusutidwa mwaufulu. Koma tisakanire pomwepo n'kukhala chete ngati kuti zinthu zili bwino mmene zililimu. Ndi pakamwa pomwepo tipemphe kuti mwana wogwidwa ndi kachamba kosuta yekha asamatayidwe kundende, koma azipatsidwa uphungu, chithandizo cha kuchipatala ndi ntchito yothandiza mudzi, ndipo ndende ikhale ya amene akulemera pogulitsa kwa ana. Tipemphenso kuti m'zipatala zathu zazing'ono mukhale anamwino odziwa za matenda a maganizo ndi mankhwala ake. Mayi amene mwana wake anamangidwa ndi apolisi ndi mayi amene mwana wake anamangidwa ndi zingwe amakhala pa benchi imodzi m'tchalitchi, ndipo yankho lathu liyenera kuwathandiza onse awiri.

Tikumbukirenso kuti lamulo likhoza kusintha ife osafuna. Likadzasintha, ntchito yathu sidzatha, monga momwe sinathere pa mowa. Mary Sumner atayambitsa bungwe lathu la Mothers' Union mu 1876, sanadikire lamulo la boma kuti amayi ayambe kuthandizana kulera ana, ndipo chimodzi mwa zolinga zathu ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Tiyankhule ndi ana athu akadali aang'ono, pakuti mmera m'poyamba, ndipo tiwauze zoona popanda kuwaopseza ndi mabodza. Tikaona mwana wayamba kudzipatula, kusiya sukulu, kuyankhula yekha kapena kukhala masiku osagona, tithamangire naye kuchipatala msanga, tisataye miyezi tikufufuza amene wamulodza. Ndipo mayi mnzathu amene mwana wake wagwa m'vutoli tisamunene kumbali kapena kumuchotsa pa udindo. Tipite tikamuchezere, tikamuthandize kupalira, tikapemphere naye, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa mayi amene anatifunsa funso lija, tinabwerera kukawauza kuti asamuthamangitse mwana wawo kapena kumutseka pakamwa. Amuuze kuti pa za ndende akunena zoona, ndipo ife tili naye limodzi. Kenaka amufunse za mng'ono wake wa zaka 13, ngati angakonde kuti azigula chamba pa okala yomwe amagula sopo. Akambirane kuyambira pamenepo.

Tikupempha magulu onse m'maparishi athu kuti pa msonkhano wotsatira muwerenge 1 Akorinto 6:12-20 ndi Agalatiya 6:1-2, ndipo mukambirane mafunso awa. Kodi m'mudzi mwathu ana amachipeza kuti chamba, ndipo ife tikudziwa chiyani chimene takhala tikubisa? Kodi pali banja m'gulu lathu limene talisala chifukwa cha mwana wosuta? Kodi phungu wathu akadzabwera tidzamupempha chiyani? Mayankho anu muwapereke kwa mlembi wa gulu kuti tidzawamve pa msonkhano wa dayosizi.

Ambuye atipatse nzeru ndi chifundo pamene tikulera ana amene anatipatsa.